MWANA WOSAMUKA ASAWERUZIDWE NDI ULA

Chaka ndi chaka, pofika pa 15 Okutobala, ana a sukulu a ku England amene afuna kukaphunzira udokotala, kapena kukaloŵa m'mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, amakhala atatumiza kale makalata awo ofunsira malo. Ena ambiri amatumiza pofika mwezi wa Januwale. Mayeso awo otsiriza, otchedwa A-level, amadzalemba m'miyezi ya Meyi ndi Juni, ndipo zotsatira zake zimadzatuluka pakati pa mwezi wa Ogasiti. Tsono funso n'lakuti: kodi yunivesite imasankha bwanji mwana amene sanalembe n'komwe mayeso? Yankho lake n'lodabwitsa kwa munthu aliyense amene adakulira m'dziko muno. Imamsankha poyang'ana magiredi amene aphunzitsi ake alosera kuti adzapeza.

Kwa mwana amene wakhala pa sukulu imodzi kuyambira ali ndi zaka 11, kulosera kotere kuli ndi pogwira, pakuti aphunzitsi adaona zolemba zake kwa zaka zambiri, ndipo amadziŵa pamene amapunthwa ndi pamene amathamanga. Koma kwa mwana amene wasamukira pa sukulu ina maphunziro ali pakati, nkhani ndi ina. Mphunzitsi amene wamuona kwa masabata asanu okha amapemphedwa kuti alembe chilembo chimodzi chimene chidzatsegula kapena kutseka khomo la yunivesite. Kumeneko sikuyesa mwana ai, n'kuombeza ula. Motero mwana wotere akaimirira n'kutsutsa giredi imene ampatsa, atanyamula umboni m'manja, sachita mwano. Achita chimene munthu aliyense wanzeru ayenera kuchita, ndipo sukulu imene ikana kumumvera ndiyo yolakwa.

Wina angafunse kuti kodi za ku England zikukhudza bwanji ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a m'madera kuno ku Malaŵi. Zikuwakhudza ndithu. Alipo Amalaŵi ambiri, anamwino, madokotala ndi osamalira okalamba, amene ali pa ntchito ku Britain pamodzi ndi ana awo, ndipo ntchitozo zimawasamutsa kuchoka mumzinda uwu kupita mumzinda uwo, monga momwe kalata ya transifa imanyamulira kalaliki kuchoka ku Nsanje kupita ku Karonga. Alipo otumidwa kukagwira ntchito ku ofesi ya Kazembe ku London. Aliponso ana amene amalemba mayeso a A-level a bungwe la Cambridge m'dziko mommuno, pa sukulu zonga Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, imene idatsegulidwa mu 1981, ndipo ena mwa iwo amafunsira malo m'mayunivesite a ku Britain mwa njira yomweyi ya magiredi olosera. Munthu aliyense amene adakwezapo katundu wa banja pa lole pakati pa teremu akudziŵa kuti wolipira mtengo wa ulendo wotere kaŵirikaŵiri amakhala mwana wa sukulu.

M'MENE ULAWU UMAOMBEDWERA

Makalata onse ofunsira malo amadzera ku bungwe lotchedwa UCAS. Mwana amaloledwa kusankha maphunziro osapitirira asanu, ndipo sukulu yake imaphatikizapo kalata yomchitira umboni pamodzi ndi giredi yolosera pa phunziro lili lonse, kuyambira A*, imene ili pamwamba penipeni, mpaka E. Yunivesite ikakhutira imalonjeza malo, ndipo lonjezolo limadzakwaniritsidwa ngati mwanayo apezadi magiredi ofunikawo mu Ogasiti. Koma ikaona kuti magiredi oloserawo ndi otsika kuposa amene imafuna, ikhoza kukankhira kalatayo pambali popanda kumuitana mwanayo n'komwe. Maphunziro a udokotala kaŵirikaŵiri amafuna ma A atatu kapena kuposerapo. Motero B imodzi yolembedwa ndi dzanja la mphunzitsi mu Sepitembala ikhoza kuthetsa ulendo umene mayeso enieni sanaugamule.

Bungwe la UCAS limalangiza aphunzitsi kuti giredi yolosera ikhale imene mwana angaipeze zinthu zitamuyendera bwino, yomkokera patsogolo koma yotheka kuifikira. Malangizowo ndi abwino, koma ndi malangizo chabe. Bungwelo sililosera giredi, ndipo siliweruza milandu ya magiredi. Limangonyamula zimene sukulu yalemba. Kalata ikangotumizidwa, kukonza giredi kumafuna kuti sukulu yomweyo ilembere yunivesite ili yonse payokha. Apa m'pamene pali chinthu chochititsa manyazi. Zotsatira za mayeso enieni zikatuluka, mwana wosakhutira ali ndi njira yokhazikika: pepala lake likhoza kuonedwanso, sukulu ikhoza kumchitira apilo ku bungwe loyesa, ndipo nkhani ikhoza kufika mpaka ku Ofqual, bungwe loyang'anira mayeso ku England. Koma giredi yolosera, imene imayamba kugamula tsogolo la mwana kutatsala miyezi yambiri kuti mayeso alembedwe, ilibe bwalo lina kunja kwa mpanda wa sukulu. Woimbidwa mlandu ndi woweruza mlanduwo amakhala anthu omwewo.

CHATSITSA DZAYE

Akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Kale mwana wa ku England ankalemba mayeso otchedwa AS pakutha pa chaka choyamba cha maphunziro a zaka ziŵiriŵa, ndipo malikisi ake ankaŵerengedwa ngati theka la A-level yonse. Mwana wosamuka ankafika pa sukulu yatsopano ndi satifiketi yochongedwa ndi anthu osamdziŵa, imene mphunzitsi aliyense akadaikhulupirira. Kusintha kumene adayambitsa a Michael Gove ali Nduna ya Zamaphunziro, kumene kudayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2015, kudalekanitsa AS ndi A-level, kotero kuti mayeso onse oŵerengedwa amalembedwa pamapeto pa chaka chachiŵiri. Sukulu zambiri zidaleka kulembetsa ana awo mayeso a AS. Ku Wales ndi ku Northern Ireland adakana njira imeneyi, ndipo AS idapitiriza kuŵerengedwa ngati magawo 40 pa 100. Koma ku England chimene chidatsala m'manja mwa mphunzitsi wolosera ndi zotsatira za GCSE, mayeso amene mwana adalemba ali ndi zaka 16, ndiponso mayeso oyeserera a pa sukulu pomwepo, amene ana a sukulu kuno amawatcha kuti moko.

Tsono mayeso a moko a sukulu imodzi safanana ndi a sukulu ina. Ku England mabungwe oyesa alipo angapo, monga AQA, OCR, Pearson Edexcel ndi Eduqas, ndipo sukulu ili yonse imasankha limene yakonda pa phunziro lili lonse. Pa phunziro la mbiri yakale, sukulu ina imaphunzitsa za mafumu a banja la Tudor, ina za mafumu a banja la Stuart. Ina imatenga mbiri ya dziko la Germany, ina ya Russia. Pa phunziro la mabuku a Chingerezi, mabuku oŵerengedwa amasiyana. Ngakhale pa masamu, pamene silabasi ndi imodzi, aphunzitsi amayamba ndi mitu yosiyana, kotero kuti chimene sukulu ina idamaliza mu Febuluwale, ina idzachiyamba chaka chamaŵa. Pa maphunziro a sayansi mwana ayenera kuchita ntchito za m'labotale zosachepera 12, ndipo umboni wake umakhala m'mabuku a sukulu imene adachitirako. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi satifiketi ya AS ya Cambridge amakapeza kuti malikisi ake sangaphatikizidwe ndi A-level ya AQA kapena ya OCR, ndipo ayenera kulemba zonse mwatsopano.

Munthu ayerekeze mtsikana wa zaka 17, mwana wa namwino, amene pa sukulu yake yoyamba adali kupeza ma A pa Biology, Chemistry ndi masamu chaka chonse choyamba. Mai ake apeza ntchito pa chipatala cha mumzinda wina, ndipo banja lisamuka m'nyengo ya tchuthi. Mu Sepitembala mtsikanayo aloŵa m'kalasi yachilendo. Pasanathe masabata aŵiri apatsidwa mayeso pa mitu imene anzake adaiphunzira chaka chatha koma iye sadaionepo, chifukwa sukulu yake yakale idaisungira chaka chachiŵiri. Mitu imene iye amaidziŵa bwino siifunsidwa. Apeza C. Mphunzitsi, amene ali ndi ana ena ambirimbiri oti awalembere makalata tsiku la 15 Okutobala lisanafike, ayang'ana C ija, naikweza pang'ono mwa chifundo, n'kulemba B. Mphunzitsiyo sadaname, sadachitenso nkhanza. Koma chimene wayesa ndi kusiyana kwa ndondomeko za sukulu ziŵiri, ndipo mtolo wa kusiyanako wausenzetsa mwana. Nzeru za mtsikanayo sizidafike pa sikelo n'komwe.

Zoonadi, malamulo a ku England a chaka cha 2005 amati mwana akasamuka, sukulu yoyang'aniridwa ndi khonsolo itumize zolembedwa zake ku sukulu yatsopano pasanathe masiku 15 a sukulu. Koma kutumiza faelo ndi kuiŵerenga ndi zinthu ziŵiri zosiyana, monga momwe aliyense wogwira ntchito m'maofesi a Boma akudziŵira. Ndiponso zimene mphunzitsi wakale adadziŵa za mwanayo, kuti amachedwa kumva koma akamva saiŵala, kapena kuti mayeso ena adalemba akudwala, siziloŵa m'faelo. Zimatsala m'mutu mwa munthu amene palibe wamufunsa.

ZONENA ZA OTSUTSA

Alipo amene amati mwana sayenera kukangana ndi mphunzitsi wake, ndipo makolo ambiri ochokera kuno amakodwa mu msampha umenewu chifukwa adaleredwa mwa ulemu. Ulemu ndi chinthu cha mtengo wapatali, ndipo palibe amene akuti mwana aloŵe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu akuloza chala. Koma ulemu sikukhala chete cholakwa chili poyera. Kalaliki wabwino akaona kuti bwana wake walakwitsa chiŵerengero m'buku la ndalama za Boma, amagogoda, napereka moni, n'kusonyeza pamene palakwika. Amene aona n'kungotseka pakamwa palibe angamutche waulemu. Ameneyo ndi wosakhulupirika. Chimodzimodzinso mwana wobwera ndi mapepala ake ochongedwa a chaka chonse n'kupempha kuti aonedwe akulemekeza ntchito ya uphunzitsi koposa amene angolandira chilembo ngati kuti chagwa pa maere. Safunsa adadya phula.

Ena amabwera ndi ziŵerengero. Amati kafukufuku amene a Gill Wyness, mphunzitsi wa pa yunivesite ku London, adachitira bungwe la University and College Union mu 2016 adapeza kuti ana 16 okha pa 100 alionse ndiwo adapezadi magiredi amene adawalosera pa maphunziro awo atatu. Ana 75 adawalosera mokweza, ndipo 9 okha ndiwo adawalosera motsitsa. Tsono amati, ngati aphunzitsi amakonda kukweza, wodandaulayo akulirira chiyani? Mtsutso umenewu umadzigwetsa wokha. Choyamba, muyeso umene umalondola kamodzi kokha pa maulendo asanu ndi limodzi suyenera kutchedwa muyeso. Sikelo yotere itapezeka pa msika wa chimanga, mwini wake akadagona ku polisi. Chachiŵiri, pamene ambiri akwezedwa, mwana amene wapatsidwa giredi yamantha amaponderezedwa kaŵiri: aikidwa pansi pa chimene iye angathe, ndipo apikisana ndi anzake amene aikidwa pamwamba pa chimene iwo angathe.

Chachitatu, kafukufuku yemweyo adasonyeza amene amagwa m'gulu la otsitsidwalo. Pakati pa ana okhoza bwino kwambiri, ochokera m'mabanja osauka ndiwo ankatsitsidwa kaŵirikaŵiri kuposa anzawo a m'mabanja opeza bwino, ndipo mu 2017 bungwe la Sutton Trust lidalengeza kuti ana otere amafika pafupifupi 1,000 chaka chili chonse. Ngati zimenezi zimachitikira mwana amene aphunzitsi ake akhala naye zaka zambiri, nanga kuli bwanji mlendo amene dzina lake likuwavutabe kutchula? Mphunzitsi amakweza mwana amene amamkhulupirira, ndipo kukhulupirira munthu kumadza ndi nthaŵi. Mlendo nthaŵi imeneyo alibe.

Aphunzitsi aakulu ena amati sukulu ikamakweza magiredi chifukwa cha kulira kwa makolo, mayunivesite adzaleka kukhulupirira makalata ake, ndipo ana onse adzavutika. Pamenepa pali choonadi, ndipo chiyenera kuvomerezedwa. Kholo lofuna A chifukwa chakuti mwana wa mnansi wake ali ndi A, popanda pepala ngakhale limodzi lochitira umboni, liyenera kubwezedwa mwaulemu. Giredi yokwezedwa popanda maziko imapweteka mwana yemweyo, pakuti amalonjezedwa malo amene sadzawafikira, nataya mwaŵi wofunsira kumene akadatengedwa. Komatu mtsutso umenewu ukunena za umboni, ndipo umboni ndiwo umene mwana wosamuka akupempha kuti uonedwe. Mbiri yabwino ya sukulu siitetezedwa potsitsa mwana amene sukuluyo siidavutike kumdziŵa. Sukulu yopereka B chifukwa chakuti mwanayo ndi watsopano yatenga umbuli wake n'kuusandutsa chilango cha munthu wina.

Enanso amatonthoza mwana ndi mau akuti akadzakhoza bwino mu Ogasiti adzapeza malo pa nyengo yotchedwa Clearing, pamene mayunivesite amagaŵa malo otsala, kapena adzafunsiranso chaka chotsatira ndi magiredi enieni. Njira zimenezi zilipodi, ndipo ambiri zawathandiza. Koma Oxford ndi Cambridge sizigaŵa malo mwa njira ya Clearing, ndipo malo a udokotala otsala amakhala oŵerengeka. Njira ina yotchedwa Adjustment, imene idali ya ana okhoza kuposa m'mene yunivesite idafunira, idathetsedwa mu 2022. Kudikira chaka chathunthu n'kosavuta kwa mwana wa munthu wachuma. Kwa banja limene likulipira lendi, likutumiza ndalama kumudzi, ndiponso chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chili ndi tsiku lothera, chaka si chinthu choseŵeretsa. Madzi akatayika saoleka.

PHUNZIRO LA CHAKA CHA 2020

Amene akukayikabe ayang'ane zimene zidachitika mu 2020. Mliri wa COVID-19 utabuka, Boma la Britain lidalengeza pa 18 Malichi kuti mayeso a chaka chimenecho salembedwa. Aphunzitsi adauzidwa kuti apereke giredi ya mwana aliyense, ndiponso kuti andandalike ana awo kuyambira woyamba mpaka womaliza. Kenaka bungwe la Ofqual lidadutsitsa magirediwo m'masamu a pa kompyuta amene adatsamira kwambiri pa m'mene sukulu ili yonse idakhozera m'zaka zitatu za m'mbuyo. Zotsatira zitatuluka pa 13 Ogasiti, magiredi pafupifupi 39 pa 100 alionse ku England adali atatsitsidwa. Makalasi a ana oŵerengeka, amene amapezeka kwambiri m'sukulu zolipira ndalama zambiri, adasiyidwa ndi magiredi a aphunzitsi awo. Pamene mwana wanzeru wa pa sukulu yaikulu ya m'dera losauka adalangidwa chifukwa cha zotsatira za anthu ena amene adaphunzirapo iye asanafike.

Anawo sadakhale chete. Adasonkhana pa khomo la Unduna wa Zamaphunziro ku London atanyamula zikwangwani, ndipo pa 17 Ogasiti, patangopita masiku anai, Nduna ya Zamaphunziro, a Gavin Williamson, pamodzi ndi bungwe la Ofqual adabwerera m'mbuyo n'kuvomereza magiredi a aphunzitsi. Ku Scotland zomwezi zidali zitachitika kale: zotsatira zidatuluka pa 4 Ogasiti, ndipo pa 11 Ogasiti Nduna ya kumeneko, a John Swinney, adapepesa n'kubweza magiredi oposa 120,000 amene adatsitsidwa. Bungwe la Cambridge, limene mayeso ake amalembedwanso ku Malaŵi, nalonso lidasintha chigamulo chake m'mwezi womwewo. Ogasiti asanathe, mkulu wa Ofqual, mai Sally Collier, adatula pansi udindo wawo, ndipo kudalengezedwa kuti mlembi wamkulu wa Undunawo, a Jonathan Slater, achotsedwa ntchito.

Pamenepa pali maphunziro aŵiri. Loyamba n'lakuti giredi yoperekedwa popanda mayeso ndi chigamulo cha anthu, ndipo anthu amalakwa ngakhale atabisala kuseri kwa kompyuta. Amene adakakamiza akuluakulu kukonza cholakwacho adali ana a zaka 18 amene adakana kungovomereza. Lachiŵiri ndi loŵaŵa. Ngakhale Boma litabwerera ku magiredi a aphunzitsi, adalipo ana ena amene adatsala chimanjamanja: ophunzira paokha kunyumba ndiponso obwereza mayeso, amene padalibe sukulu yowadziŵa mokwanira kuti iwapatse giredi. Ambiri a iwo adauzidwa kuti adikire mayeso apadera a mu Okutobala. Dongosolo lili lonse lodalira kudziŵana limayamba kutaya munthu wosadziŵika. Ndiponso kudalira aphunzitsi okha sikudathetse vuto, pakuti magiredi a A ndi A* adakwera kuchoka pa magawo pafupifupi 25 pa 100 mu 2019 kufika pafupifupi 45 pa 100 mu 2021, chaka chimene mayeso sadalembedwenso. Kompyuta idalakwa potsitsa, anthu adalakwa pokweza, ndipo zonsezi zidasonyeza kuti palibe choloŵa m'malo mwa pepala limene mwana walemba yekha.

CHOYENERA KUCHITA

Kholo limene likudziŵa kuti kusamuka kuli pafupi lisadikire kuti ula uombedwe. Nkhanga zidapangana kusanapse. Lisanasankhe sukulu yatsopano lifunse kuti phunziro lili lonse limayesedwa ndi bungwe liti, ndiponso mitu yake ndi iti. Lisanachoke pa sukulu yakale litenge malipoti onse a pa teremu, mapepala a moko ochongedwa, kaundula wa ntchito za m'labotale, mndandanda wa mitu imene mwana wamaliza, ndi kalata ya mphunzitsi wa phunziro lili lonse yonena giredi imene iye akadalosera. Ngati pali satifiketi ya AS, ngakhale malikisi ake sangaphatikizidwe, imeneyo ndi umboni wolimba kuposa mayeso a moko alionse, chifukwa adaichonga ndi anthu akunja amene sadali kukondera kapena kudana ndi mwanayo.

Giredi yotsika ikaperekedwa, mwana ndi kholo lake afunse mwa kalata, osati pakamwa pokha, kuti giredi imeneyi yachokera pa umboni uti. Apemphe kuti umboni wa ku sukulu yakale uikidwe pa tebulo, ndiponso kuti mwana apatsidwe mayeso ena pa mitu imene adaphunziradi. Mphunzitsi akakana, nkhani ipite kwa mkulu wa phunzirolo, kenaka kwa mphunzitsi wamkulu, potsata ndondomeko ya madandaulo imene lamulo limafuna kuti sukulu ikhale nayo. Lamulo la Data Protection Act la 2018 limapatsa munthu ufulu wopempha kuona zimene zalembedwa za iye, ndipo kaŵirikaŵiri yankho liyenera kubwera pasanathe mwezi umodzi. Kuyambira ndi ana amene adaloŵa m'mayunivesite mu 2024, kalata ya umboni ya UCAS idapatsidwa gawo lapadera lofotokozera zovuta zimene zasokoneza maphunziro a mwana, ndipo kusamuka maphunziro ali pakati kuyenera kulembedwa pamenepo momveka bwino. Zonsezi zichitike kalata isanatumizidwe, pakuti pambuyo pake njira imatalika.

Nawonso aphunzitsi aakulu ali ndi mbali yawo, ndipo si yolemetsa. Mwana amene sanamalize teremu imodzi pa sukulu asaloseredwe giredi aphunzitsi ake akale asanafunsidwe. Telefoni imodzi ikwanira. Dandaulo la mwana liŵerengedwe ndi mphunzitsi wachiŵiri amene sadalembe nawo giredi yoyambayo. Yankho liperekedwe mwa kalata, pamodzi ndi zifukwa zake, nthaŵi yotumizira makalata isanathe. Palibe mwa zinthu zitatuzi chimene chimafuna ndalama kapena lamulo latsopano. Zimangofuna mtima wokumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Komatu zonsezi n'kumanga bala chabe. Mankhwala enieni ndi kuleka kuombeza. Maganizo akuti ana azisankhidwa zotsatira zitatuluka si atsopano ku England. Lipoti la komiti ya a Steven Schwartz lidawavomereza mu 2004. Bungwe la UCAS lidafunsa anthu za nkhaniyi mu 2011, n'kuisiya mu 2012. A Williamson, atapsa ndi moto wa 2020, adalonjeza mu Novembala chaka chomwecho kuti zinthu zisintha. Boma lidafunsanso maganizo a anthu mu 2021, koma mu Febuluwale 2022 lidalengeza kuti nkhaniyo yaikidwa pambali. Otsutsa kusinthaku amati kalendala ya mayeso ndi ya mayunivesite ingasokonezeke, ndiponso kuti ana angasoŵe owalangiza m'nyengo ya tchuthi. Zimenezi ndi zovuta za m'maofesi, ndipo maofesi adakhazikitsidwa kuti azithetsa zovuta zotere, osati kuzisenzetsa ana a zaka 17.

Maiko ena adapeza njira. Ku Ireland, dziko loyandikana ndi Britain, malo a m'mayunivesite amagaŵidwa potsata mapointi a mayeso a Leaving Certificate zotsatira zake zitatuluka. Ku Malaŵi, bungwe la National Council for Higher Education limalandira makalata a ana amene ali kale ndi zotsatira za MSCE m'manja. Dongosolo la kuno lili ndi mavuto ake, makamaka kuchepa kwa malo poyerekeza ndi ana okhoza, ndipo palibe chifukwa chodzitamandira mopitirira muyeso. Koma mwana wa wapolisi amene wasamutsidwa kuchoka ku Mzimba kupita ku Mulanje ali Fomu 3 amakalemba pepala lomwelo la MANEB limene akadalemba kwawo, ndipo amaweruzidwa ndi zimene dzanja lake lalemba, osati ndi m'mene mphunzitsi watsopano wamuonera pa nkhope. Chimenechi n'chuma choyenera kusungidwa, ndipo aliyense amene adzabwere ndi nzeru zobwereka zoti malo a m'mayunivesite azigaŵidwa mwa kulosera ayambe waŵerenga mbiri ya chaka cha 2020.

Mtsikana uja, mwana wa namwino, sakupempha chifundo, sakupemphanso kuti apatsidwe giredi imene sadaigwirire ntchito. Akupempha kuti chaka chake chathunthu cha thukuta chisafafanizidwe chifukwa chakuti mai ake adatsata ntchito. Makolo akale adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikaoneka ngati eni mudzi safunsa chimene chili m'thumba mwake. Sukulu imene yalandira mwana yalandiranso udindo wofufuza kumene wachokera ndi zimene wabwera nazo. Ikanyalanyaza udindo umenewu, mwanayo agogode pa khomo la mphunzitsi wamkulu ndi mapepala ake m'manja, mwaulemu koma mopanda mantha, ndipo makolo ake aime pambuyo pake mpaka yankho lolembedwa litaperekedwa.